Wotchi Imene Ndinkapukusa

Lero ndaona wotchi yochita kupukusa ndi zala pa tebulo la wokonza mawotchi ku Matero, mtima n'kundiwawa.

Atate anali ndi yotero, yakale, yopangidwa ku Switzerland. Ankati mawotchi onse m'tauni anaonera kwa iyo. M'mawa uliwonse woipukusa ndinali ine, kenako ndinkaiika kukhutu kuti ndimve ikugunda. Lamba wake ankanunkha thukuta lawo.

"Ukakula ni yako," ankatero.

Tsiku lina kunabwera mwana wa mlongo wawo kuchokera ku Chipata. Atate anavula wotchi ija n'kumumanga pamkono.

"Kwathu, cha mwamuna chimapita kwa muphwa wake," anatero osandiyang'ana.

Msuweni wangayo anaitembenuza. "Amalume, batire ilowa pati?"

Atate anandikodola. "Bwera, umuonetse mopukusira."