Phazi la a Gumula

Bambo anga ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo kuntchito palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Onse amati a Gumula. Dzinali sanalipate pachabe. Ankatha kufika pakhoma limene anthu akhetsera thukuta kuyambira m'mawa, kutsinzina diso limodzi, kuikapo levulo yoyezera kuwongoka, kenako n'kunena liwu limodzi lokha: "Gumula." Akatero ankatembenuka n'kumapita, osadikira kuti munthu adandaule.

Ine ndinalowa ntchito yawo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, achimwene atathawira ku ntchito ya mu ofesi. Achimwenewo ankati kuli bwino kukalipiridwa ndi bwana wachilendo, chifukwa ameneyo ukaweruka sukamupezanso pabalaza. Ine ndinasankha kuyala matailosi, ndipo pamenepa bambo anali ndi kayesedwe kawokawo. Ndikamaliza chipinda, ankavula nsapato ya kumanja ndi sokosi yomwe, n'kumakhwekhwereza phazi pansi kuchokera pakhomo mpaka kungodya. Tailosi ikangotukuka pang'ono kuposa inzake, chala chachikulu chinkaima pomwepo. Mtima wanga unkaimanso nacho.

Kwa zaka khumi ndi zinayi ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti phazi limenelo lifike kungodya, mwini wake anene kuti ntchito yanga ndi yabwino. Sindichita manyazi kunena zimenezi. Ndinakwatiwa, ndinabereka ana awiri, eni nyumba ankandilimbirana, koma ndikangoona nsapato ija ikuvulidwa ndinkasanduka kamtsikana. Tsiku limene zayenda bwino kwambiri, ankangovala nsapato yawo n'kunena kuti, "Longedza zida."

Kunyumba kwathu nakonso sikunapulumuke. Chipinda chakumbuyo anachiyamba ndisanabadwe, ndipo pulasitala anamuchotsa katatu. Pansi pake panali fumbi lokhalokha, amayi ankasungiramo ndowa ndi njinga yakufa. Alendo akawayamikira kuti anachita mwayi kukwatiwa ndi mmisiri, amayi ankangowatsegulira chitseko cha chipindacho n'kunena kuti, "Mwayi wake ndi umenewu, lowani muuone."

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina bambo anakwera makwerero kukakonza mzere wa njerwa umene wina aliyense ankauona kuti ndi wowongoka. Anaterereka n'kugwa chagada pamulu wa miyala. Miyezi iwiri anakhala chigonere, akupezera zifukwa denga la chipatala. Atamaliza mafizo, zolimbitsa thupi za kuchipatala zija, dokotala anati msanawo ukufunika kumauwongola pang'onopang'ono, ndipo anawalozera ku gulu la yoga, masewera odziwongola ndi kupuma mwadongosolo, limene linkakumana m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya mankhwala.

Wowaperekeza ndinali ine. Tsiku loyamba sanapereke ndi moni yemwe. Anangoyang'ana pansi n'kufunsa kuti, "Anayala muno ndani?"

Aphunzitsi a yoga anali mayi wachikulire woonda, amene kale anali namwino. Anangowapatsa kamkeka ka labala n'kuwalozera malo pakati pa agogo awiri. Ine ndinakhala pabenchi pafupi ndi chitseko, kuonerera a Gumula atagwada ngati mwana wokwawa, akuuzidwa nthawi yokoka mpweya ndi nthawi youtulutsa. Akamaliza zolimbitsa thupizo, aphunzitsiwo ankalankhula pang'ono anthu ali chikhalire pamikeka yawo. Tsiku lina anati, "Mu yoga muli chiphunzitso chotchedwa santosha, ndiko kukhutira. Sikuti munthu ukhale manja lende ayi. Ntchito gwira ndithu. Koma usamauze mtima wako kuti udzakondwa zonse zikadzawongoka, chifukwa tsiku limenelo silifika."

Ndinayang'ana bambo, ndinayang'ana mayiwo, ndinaseka chamumtima. Ndinati apa ndiye alemba m'madzi.

Patatha miyezi inayi, achimwene anakhoma shelefu kukhitchini kwa amayi. Achimwene ndi munthu wabwino, koma hamala ndi iwo sadziwana. Shelefuyo inapendekeka moti ukagoneka botolo linkagubuduka lokha. Bambo atalowa, tonse tinadikira bingu. Iwo anaigwedeza, anaiyang'ana, n'kunena kuti, "Yagwira. Wachita bwino kuthandiza mayi ako."

Tonse kukamwa kunangoti yasa. Achimwene anayang'ana kumbuyo kuti mwina akuuza munthu wina. Amayi anandikokera panja.

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anandinong'oneza. "Bambo akowa akutitsanzika. Pita kuchipatala ukafunse ngati pali zimene anatibisira."

Ndinapitadi. Dokotala anati kupatula msana, munthuyo ali bwinobwino. Amayi sanakhulupirire. Kwa sabata yathunthu ankawatsatira ndi maso, ndipo ankawafunsa kawirikawiri ngati pali pamene pakuwawa. Bambo ankangoti ali bwino, n'kukhala pakhonde kumaonerera mbalame zili pawaya wa magetsi, munthu amene kale akakhala pakhondepo ankangoona kuti mpanda wa aneba ndi wokhota.

Amayi mantha atawathera anayamba kukondwa. Ine ndi amene zinandiipira. Bambo atayambanso kuyendera ntchito, anabwera kunyumba ina imene tinkamanga, n'kukhala pandowa yovundikira. Panali mmisiri wina waulesi, amene khoma lake linali ndi mimba yooneka ndi pamsewu pomwe. Bambo anamuonetsa mofatsa pamene chingwe chinamuthawira, n'kumuuza kuti wayesetsa, zikhala bwino. Kenako analowa m'chipinda chimene ndinali nditangomaliza kuyala. Anavula nsapato, phazi linayenda mpaka kungodya.

"Ntchito yabwino," anatero.

Mutu wanga unaima. Mawu amene ndinawadikira zaka khumi ndi zinayi anabwera tsiku limodzi ndi "wayesetsa" wa khoma la mimba, mwezi umodzi ndi "wachita bwino" wa shelefu ya achimwene. M'malo mokondwa ndinapsa mtima. Ndinati yoga yandibera. Munthu amene akuyamikira chilichonse, kuyamikira kwake ndikatani nako? Ndinkafuna mawuwo achokere kwa a Gumula, osati kwa nkhalamba yofatsa imene yatsala ndi nkhope yawo yokha.

Sabata yotsatira anandipempha, ndipo ndikuti kupempha, osati kulamula, kuti ndiwayalire matailosi m'chipinda chakumbuyo chija. Ankafuna malo oyalapo kamkeka kawo m'mawa. Anati pulasitala amene alipoyo akwana. Amayi atamva zimenezi anakhala pansi kaye.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene mmisiri yekha ndi amene angachiganize. Ndinaganiza zowatchera msampha. Matailosi makumi asanu ndi limodzi ndi atatu ndinawayala mosamala kuposa kale lonse. Imodzi yokha, ya pakati, ndinaiwonjezera simenti kungodya imodzi kuti itukuke pang'ono, kosafika ndi pa kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Diso silikanaona, ndipo nsapato sikanamva. Ndinati phazi likaima pamenepo, ine n'kumva "gumula", ndidziwa kuti bambo anga alipo, ndipo mawu aja anali enieni. Likapitirira, ndiye kuti ndinapatsidwa mawu opanda kanthu.

Simenti itauma anabwera. Nsapato inavulidwa. Phazi linanyamuka pakhomo, mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Ine mpweya ndinaugwira. Linadutsa pa tailosi ija osaima n'komwe, mpaka kungodya.

"Zikomo, mwana wanga," anatero, n'kukatenga kamkeka kawo.

Ndinatuluka osatsanzika, ndipo zida zanga ndinaziiwala momwemo. Kwa masabata atatu sindinapondeko. Nthawi zina ndinkaganiza kuti kugwa kuja kunapha phazi, ndipo chisoni chinkandigwira. Nthawi zina ndinkati akundinamiza ngati mwana wojambula nkhuku ya miyendo itatu, ndipo ndinkalusa. Choipa kwambiri chinali chakuti kwinakwake kunali chipinda chimene ndinayala ine chili ndi tailosi yotukuka. Amuna anga ankati ndikulankhula ndekha potsuka mbale.

Loweruka lina m'mawa ndinatenga hamala ndi tchizulo, zida zogumulira tailosi ija, n'kupita kwa makolo anga. Ndinawapeza m'chipindamo atakhala pansi, miyendo atapinda, maso atatseka. Kamkeka anali atakakankhira pambali. Anali atakhala pa tailosi yomweyo.

"Bambo, tasunthani. Pali chimene ndikufuna kukonza."

Anatsegula maso. "Ya pakatiyi? Ngodya ya kuwindo?"

Hamala inatsala pang'ono kundipulumuka. "Ndiye munaimva?"

"Tsiku lomwelo. Phazi langa silinafe, iwe."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Liwu lija linafika apa," anatero akuloza pakhosi. "Mpaka lero limafika m'mawa uliwonse. Ukuganiza kuti kukhutira ndi tulo? Ndimakhala pamenepa, dzanja likundiyabwa kuti ndikatenge tchizulo, ndimapuma mpaka kuyabwako kutha. Kenako ndimaona kuti ndili m'chipinda chabwino chimene anandiyalira mwana wanga. Zaka zonsezi ndikanangoona tailosi imodziyi, zinazo osaziona."

"Ndiye kuti chilichonse kwa inu ndi chabwino tsopano? Shelefu ya achimwene, ntchito yanga, zonse n'chimodzimodzi?"

"Shelefu ija ndi yopendekeka, ndipo ndinaiona. Ndinati yagwira, ndipo yagwiradi. Sindinanamepo." Anasisita m'mphepete mwa tailosiyo ndi chala. "Iyi unachita dala. Dzanja lako silingalakwitse chonchi."

Manyazi anandigwira, koma mtima unali usanatsike. "Inu nomwe munkandigumulitsa ntchito. Lero mukuti dzanja langa silingalakwitse?"

Kukhitchini amayi ankatsuka makapu, ndipo ndinkamva madzi akutsikira mu sinki. Bambo atayankhula sanandiyang'ane.

"Zaka ziwiri zoyamba unkalakwitsadi. Zitatha izo, phazi langa silinapezenso kanthu."

"Mukuti bwanji?"

"Ndinkafika kungodya osapeza kanthu, ndiye mtima unkandivuta. Sindinkadziwa kuti munthu akapeza chinthu chabwino amatani nacho. Ndinkabwerera pakati, n'kuimitsa chala penapake, n'kunena kuti gumula."

Ndinamva ngati andithira madzi ozizira. Ndinaganiza za masiku amene ndinagwada ndi tchizulo, kuswa ntchito ya manja anga eni nyumba akuonerera, zidutswa zikundicheka zala. Ndinkabwerera kwathu n'kumadzifunsa kuti diso langa lili ndi vuto lanji. Ndinkafuna kukuwa, koma mawu amene anatuluka anali aang'ono.

"Ntchito zingati?"

"Khumi ndi imodzi."

"Munkawerenga?"

"Ndinaziwerengera pamkekapa. Munthu ukakhala chete, zimabwera zokha."

Ndinakhala pansi moyang'anana nawo, hamala ili pamiyendo. Sanapepese ndi mawu ambiri, ndipo sanandiuze kuti nanenso ndikhutire. Akanatero mwina ndikanaswa chipinda chonsecho. Anangoyamba kuzitchula imodziimodzi, akupinda zala: khonde la sukulu ya mkaka, bafa la mayi wosoka madiresi aukwati, khitchini ya nyumba ya mageti awiri, masitepe a malo ogona alendo amene ndinayala ndili ndi pakati pa mwana woyamba.

Atafika pa yachisanu ndi chiwiri mawu anawathera. Zinayi zotsalazo ndinatchula ndine.