Tsabola wa Ulusi Wofiira

Amuna anga atapuma ntchito ya ulonda kubwalo la ndege ku Chileka, mtima wawo wonse unapita pa tsabola. Kuseri kwa nyumba tinali ndi kambuzi, wonunkhira koma wamng'ono. Mnzawo wina wachisilamu, wogulitsa zokometsera ndiwo pamsika wa Lirangwe, anawapatsa mbewu za tsabola wamtali, wowawa ngati moto koma wopanda fungo. Amuna angawo anafuna kukwatitsa mitundu iwiriyi kuti pabadwe tsabola wamkulu, wowawa, wa fungo la kambuzi.

M'mawa tikatha kupemphera ankatenga nthenga ya nkhuku, n'kutapa kaufa kachikasu m'duwa la mtengo uwu, n'kukapaka m'duwa la mtengo uwo. Kenako ankaliphimba ndi kachidutswa ka neti yakale ya udzudzu kuti njuchi zisasokoneze.

"Bambo, mwasanduka ankhoswe a tsabola?" ndinkawaseka.

"Sekani, mayi. Ine ndimangobzala, wokulitsa alipo kumwamba."

Maluwa ambiri ankathothoka. Mbewu zina zinkamera n'kubala zosadziwika bwino. Chaka chachinayi mtengo umodzi wokha unabala chimene ankafunacho. Anasankha zipatso zisanu ndi zitatu zabwino koposa, n'kumanga ulusi wofiira pa chilichonse.

"Uyu ngwa mbewu," anandiuza. "Apse mpaka aumire pomwepo. Asathyole munthu."

Amene anamva mawu amenewa ndine ndekha. Tsabolayo atayamba kufiira, amuna anga anadwala chibayo. Sanathe sabata m'chipatala, Ambuye anawaitana.

Pamaliro namfedwa sayendayenda. Ndinakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, amayi a mpingo atandizungulira ndi nyimbo. Ena ankaphikira anthu panja, ndipo kwathu kuno chilichonse cha pakhomo la maliro chimakhala cha ophika: nkhuni, ndowa, masamba a m'dimba. Safunsa, chifukwa kufunsa n'kuvutitsa wolira. Masana nyimbo itadukiza, ndinamva amayi awiri akucheza pansi pa zenera.

"Achemwali, mwaikamo chiyani m'nyembazi? Fungo lake!"

"Tsabola wakuseriku. Ndathyola wofiira yense ndasinja. Anali ndi timaulusi, kaya malemuwa ankaopsezera akuba."

"Mkulu wa mpingo ndi zithumwa? Inu musatichimwitse!" Anaseka motsitsa mawu.

Ndinafuna kudzuka, koma ndikanati chiyani? Mkazi kusiya mtembo wa mwamuna wake n'kuthamangira tsabola? Ndinangofunda chitenje kumutu n'kulira kwambiri. Amayi anandigwira mapewa n'kuyambitsa nyimbo ina.

Anthu atabalalika ndinapita kuseri. Mtengo uja unali wopanda kanthu, nthambi ziwiri zitakhadzuka, pansi atapondaponda. Ndinafukula kudzala ndi manja, ndinayang'ana mumtondo, osapeza njere ngakhale imodzi. Zonse zinasinjidwa n'kukazingidwa m'mafuta.

Chiyembekezo chinatsala pa mtengowo, kuti mwina udzachitanso maluwa. Ndinaumangirira ku kamtengo, ndinauthira manyowa a mbuzi. Chilimwe chonse ndinkasenza ndowa kuchokera kumjigo m'mawa ndi madzulo. Ndinkaupempherera, ndikuvomereza, ngakhale ndinkachita manyazi pamaso pa Mulungu kuti amasiye anzanga akupempha chakudya cha ana, ine ndikupempha duwa. Unaphuka timasamba pang'ono. Dzuwa la Okutobala litafika pachimake, chiswe chinalowa kumizu, ndipo m'masiku atatu unafota.

Ndinauzula ndekha. Ndikudziwa kuti munthu ali ngati udzu, ndipo amuna anga ali m'manja abwino kuposa anga. Koma anandisiyira chinthu chimodzi choti ndisunge, ndipo sindinachisunge. Tsiku limenelo ndinalira kuposa kumanda.

Mayi anathyola tsabola aja sindinawauze mpaka lero. Anabwera ndi mtima wotumikira, anapsa ndi utsi masiku awiri chifukwa cha ine. Lamulungu timakhala benchi imodzi, ndipo maso awo atayamba kuvuta, ndine ndimawapezera tsamba la nyimbo.