Munapapeza mutatsinzina, a Zuze

A Zuze, lero ndakukumbukirani. Mwana wanga wamkazi anandionetsa makina oyezera zitsulo kuntchito kwake. Kansonga kake kamagunda chitsulo pamalo amene munthu wasankha, kompyuta n'kunena ngati chakhala mowongoka. Nditamuona akusuntha malo amodzi chifukwa panali kachiphuphu, misozi inalengeza.

Maganizo anandibwezera ku wekishopu ya fakitale ya shuga ku Chikwawa, zaka zija tinkayenda ndi khadi lachipani m'thumba. Kutatsala masiku awiri kuti tiyambe kugaya nzimbe, ndinaika chitsulo chogwira shafiti, mtanda wozungulitsa chigayo, patebulo, n'kulemba madontho atatu ndi choko poti geji yoyezera kuwongoka izigunda. Singano ya gejiyo inkaloza zosiyana. Injiniya wathu anati chapindika, chitayidwe, uku akundiyang'ana ngati ndachiwononga ndine. Ndinadziwa kuti ntchito yandithera. Inu, kapitawo wathu amene munkasaina ndi chidindo cha chala, munapukuta thukuta, kutsinzina, n'kuyendetsa chala chomwecho pachitsulopo. Munaima padontho lachitatu. "Mphwanga, apa waika pachipsera cha nyundo. Chitsulo sichinama, koma uzichifunsa pamalo oyenera." Munafufuta choko ndi malovu, n'kusunthira donthoyo pambali pang'ono chabe. Singano inaima pa ziro konse kutatu. Injiniya anavula magalasi.

Makina ndaona lerowa ndi odabwitsa, komabe mwana wanga anachita kukulitsa chithunzi pakompyuta kuti apeze polakwika. Inu munapapeza mutatsinzina. Takhuta, a Zuze, monga munkathokozera m'chinenero chanu. Gonani mumtendere kwanu ku Ndamera.