Tsiku Limene Ndinazimitsa Mawu a Amayi

Fungo la waya wopserera likandipeza, ndimaona a Jusa, aneba athu a ku Thambani, atawerama pakhonde pakati pa mawailesi akufa, magalasi omanga ndi ulusi ali pamphuno. Anachokera ku Tete nthawi ya nkhondo ndipo sanabwererenso. Ankachita zinthu mwachifatse, moti ine wopupuluma ankanditopetsa.

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, amayi anatumiza laputopu yakale kuchokera ku Joni, muli vidiyo yawo yondipatsa moni. Zaka zitatu zinali zitatha ndisanawaone. Koma chinthucho chinkadzuka mwaulesi, chikulira ngati chigayo, n'kutentha, n'kuthima vidiyo isanatseguke.

Nditapita nayo kwa a Jusa, iwo anailumikiza ku sola yawo n'kutsegula mndandanda wa maina achilendo, lililonse ndi kabokosi kochonga.

"Waona, Tiyamike? Onsewa amadzuka limodzi ndi kompyuta, osaitanidwa. Ena ndi antchito, ena ongodya."

Chidwi chinandigwira. Akuchitanji m'menemo anthu osaonekawo? A Jusa ankachotsa chongi chimodzi, kulemba dzinalo pakatoni, kuzimitsa, kuyatsanso, n'kutchera khutu. Chimodzi chokha! Atapita kukapirikitsa mbuzi kudimba, ndinachotsa zonse zotsala.

Laputopu inadzuka msangamsanga, vidiyo n'kutseguka. Amayi anali pomwepo, atavala duku lobiriwira, milomo ikuyenda, koma mawu kunalibe. Ndinalira kwambiri, poganiza kuti ndawafufutiratu.

A Jusa sanandikalipire. "Wathamangitsa wonyamula mawu. Khala pansi, timufunefune."

Tinabwezera mmodzimmodzi mpaka mthunzi wa mango unafika pakhonde. Kenako sipika inatsokomola, ndipo ndinamva: "Tiyamike mwanawe, ukuwamvera agogo?" Ndinayankha mokweza ngati akundimva, a Jusa n'kuseka mpaka kuvula magalasi.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanangochotsera onse osadziwikawo.

"Iwe, nafenso tinafika kuno palibe wodziwa ntchito yathu. Akanatichotsa tonse, wailesi ya agogo ako akanakonza ndani? Ukapeza wosamudziwa, uyambe wamufunsa chimene amachita."

Lero ndimakonza makompyuta mu ofesi ina ku Blantyre, ndipo anzanga amandiseka kuti ndimachedwa. Aseke. A Jusa anamwalira kale, ndipo ndimawasowa. Ndikapeza dzina losalidziwa pamndandanda uja, chala changa chimaima kaye, chifukwa ndinawaonapo amayi akundilankhula ine osamva kanthu.