Bauti wothyoka wa ku Malota

Ndinanyamuka ku Dambwa North hafu pasiti sikisi ndi ana asanu ndi anayi m'kaminibasi kanga. Ntchito yanga ndi imeneyo, kupereka ana a eni kusukulu. Pafupi ndi geti la sukulu ndinaponda buleki, iyo n'kunjenjemera pansi pa phazi, galimoto osaima msanga. Ndinatsala pang'ono kugunda wanjinga.

Nditatsitsa ana, ndinalowa msewu wa Mosi-oa-Tunya ngati ndanyamula mazira. Wataksi wina anandiimbira hutala. "Ba mami, mwagona?" Ine wapakamwa ine, ndinangomusiya adutse.

Eyiti koloko ndinali ku Malota, pagalaja ya ba Mweemba. Anachotsa tayala lakutsogolo, n'kundiitana.

"Bwelani muone. Aka ni kasensa, kauza mota mwamene wilo izungulukila. Kagwila na bauti. Nindani anamanga na malegeni?"

Malegeni enieni, mphira wa chubu chakale womangira makala panjinga. Bauti anathyokera m'kati, kasensako kakungogwedera. Kenako anakanda padashibodi ndi chikhadabo, n'kumatula katepi kakuda. Pansi pake nyali yochenjeza inkayaka.

Ndinakhala pansi pafumbi. Munthu amene anagwira tayala limenelo ndi mmodzi, mwamuna wanga, atasintha yekha mabuleki masabata atatu apitawo.

Ba Mweemba anati awotcherera nati pachitsa cha bautiyo kuti amupotokole. "Ikakana, tizacinja hab'u yonse yamene igwila wilo, ichokela ku Lusaka. Wiki yonse." Ananditumiza m'tauni kukagula bauti wina. Taksi 15 kwacha, bauti 10 kwacha. Ndinagulanso zitumbuwa ziwiri, n'kuziponya m'chikwama.

Ndili m'taksi yobwerera ndinaimbira bambo a kunyumba.

"Sin'nafune kukudandaulitsa," anatero. "Nanga siinkayenda?"

Ndinadula foni, poopa kuti anthu a m'taksi angamve chilankhulo chimene sindinaphunzire kutchalitchi.

Ndinapeza nati yoyamba itaduka. Yachiwiri inagwira. Ba Mweemba anathira mafuta, kupotokola pang'ono, kubweza, kupotokolanso, mpaka kachitsa kadzimbiri kanagwera m'manja mwawo. Anapala pamalopo, n'kumanga kasensa ndi bauti watsopano. Tinayesa galimoto mumsewu wafumbi, nyali inazima, buleki inagwira.

Wani koloko ndinali pageti la sukulu. Ndinali nditaphunzira kuti cholakwa chobisidwa mwachikondi chimapha chimodzimodzi. Ana akukwera, mayi wina amene ndimamunyamulira mapasa anadutsa akuchokera kumsika.

"Ine sinivutika mtima," anatero akumwetulira. "Bana banga bakankala na imwe, niziba bali safe."

Ndinalephera kumuyang'ana m'maso. Ndinawerenga anawo kawiri. Analipo onse asanu ndi anayi.