Atelala Sanabise Ana Awo

Mwana wanga wachiwiri ndi wamkazi, ndipo ndi telala. Anthu amangomutchula kuti Atelala, mpaka inenso bambo wake ndinazolowera kumuitana choncho. Anaphunzira kusoka pa makina a malemu mayi ake, miyendo isanafike n'komwe pa chopondera. Mwamuna wake atamwalira anamusiyira ana anayi, basi. Kumudzi sanabwerere. Anati mayunifolomu a sukulu amasokedwa m'tauni, ndiye iyenso akhala m'tauni momwemo.

Chaka chatha nyumba imene ankachita lendi inagulitsidwa, wogulayo n'kunena kuti mwezi ukatha aigwetsa. Nyumba zotchipa mumzinda zilipo, koma ikamveka m'mawa, pofika masana yapita. Eni akenso funso lawo ndi limodzi: muli ndi ana angati? Ukati anayi, nkhope imasintha, amayamba kukuuza za chimbudzi chosachedwa kudzadza ndi makoma openta kumene.

Mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake, anabwera ndi nzeru imene ambiri amapezera nyumba.

"Alamu, musavutike chonchi. Kanenani kuti mwana ndi mmodzi. Atatuwo akakhale kaye kwa agogo awowa. Mukalandira kiyi muziwabweretsa mmodzimmodzi, muziti ndi ana a achemwali anu, abwera ku holide."

"Holide yake yosatha?"

"Inuyo mukufuna nyumba kapena mukufuna kumwamba?"

Ine ndinali pomwepo, koma ana ndi ake, denga likufunikalo ndi lakenso. Atelala analuma ulusi, n'kunena osadzutsa mutu: "Mwana wanga aziyenda monyang'ama pakhomo pake, azinditchula kuti anti? Anawa ndinawabereka anthu akuona."

Kuchokera tsiku limenelo ankapita nawo onse kokaona nyumba, atasamba, atavala zosoka yekha. Anakanidwa mpaka nsapato zinaperepeseka. Bambo wina anawayang'ana pageti n'kufunsa kuti, "Mayi, mwabwera kudzaona nyumba kapena kudzatsegula sukulu?" Uku wogula uja anali atatsitsa kale mchenga ndi njerwa pakhomo, ana n'kumazilumpha popita kusukulu.

Kenako kalipentala amene ankamukonzera tebulo la makina anamutsina khutu. Pamwamba pa shedi yawo yopalira matabwa panali zipinda ziwiri, ndipo anthu ankazithawa chifukwa cha phokoso. Eni ake anali mayi wokalamba woyendera ndodo. Tsiku lokaona zipindazo ndinawaperekeza.

Mayiyo analoza anawo ndi ndodo, mmodzimmodzi.

"Onsewa ndi anu?"

"Onse, amayi. Palinso makina osokera, nawonso ndi olongolola."

"Palibe wina mwamusiya kuseri kwa mpanda?"

"Bambo angawa okha, koma ali ndi kwawo."

Mayiyo anaseka mpaka kutsokomola. "Amene atuluka muno anabwera awiri, mwamuna ndi mkazi, aulemu ngati opita kuchinkhoswe. Tsiku lotuluka muno ndinaima pamasitepe, ana kutsika ngati yaima basi! Inu ndinu oyamba kundionetsa mtundu wonse kiyi ndisanapereke."

"Nanga phokoso la anawa, amayi? Ndisakunamizeni, salankhula monong'ona."

"Phokoso? Pansipa macheka amayamba kulira dzuwa likangotuluka. Ana anu akawaposa, ndidzawagulira masiwiti. Chimene sindifuna ndi utuchi pamasitepe, ndinatererekapo kale. Muzisesa."

Kiyi anamasula pa chingwe cha m'khosi mwawo, n'kumuika m'manja mwa Atelala.

Ndisakometse zinthu. Nyumbayo si yoti n'kuitanira alendo kuti adzaione. Utuchi umalowa pawindo, moti nsalu za makasitomala amazifunditsa pepala la pulasitiki. Mpopi uli pansi, madzi amakwera nawo pamutu. Makina opalira akalira, munthu uyenera kukuwa kuti umvane ndi mnzako. Koma lendi yake amaikwanitsa ndi singano, ndipo denga silidontha.

Mlamu uja atabwera kudzaona, anagwira m'makutu n'kunena kuti, "Alamu, muno mugontha!" Asanamalize, wamng'ono pa onse anafika kuchokera kusukulu. Anaima pansi pa masitepe, chikwama kumsana, n'kukuwa mpaka akalipentala anacheuka: "Amayi! Ndabwera!"

Atelala anasuzumira pawindo n'kumuyankha mokweza chimodzimodzi, msewu wonse ukumva: "Kwera, mwanawe, ndipo usasiye utuchi pamasitepe!"