Rauta ya Mtengwa

Intaneti ya pakhomo ndinaikitsa chaka chimene ndinayamba maphunziro a dipuloma. Ndinali mphunzitsi wa pulaimale kumapiri a ku Dowa, ndipo maphunzirowo ankachitikira pa laputopu, masana ndikaweruka. Amuna anga ankagwira ntchito ku Lilongwe, kubwera kamodzi pamwezi. Ine ndinali mtengwa pamudzi pa kwawo, nyumba yathu yoyang'anizana ndi ya akulu awo, alamu anga.

Kampani inatumiza munthu wake. Anakhoma kambale koyera pamtengo wa bulugama, koloza nsanja ya paphiri, n'kukoka waya mpaka pabalaza pomwe anaika rauta yawo, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba. Pasiwedi inali yolembedwa kunsi kwake. Alamu atabwera kudzaona, anaitembenuza rautayo ngati akusankha dzungu pamsika, n'kujambula ndi foni. Sabata isanathe, khonde langa linasanduka bwalo. Alamu ankabwera ndi anzawo olima fodya, kukhalira matumba anga a mtedza n'kumaonera mpira pa intaneti yanga, ine m'katimo mawu a aphunzitsi anga akudukaduka ngati wailesi yotha mabatire. Makoko a nzimbe ndinkasesa ndine.

Rauta ya kampaniyo inali yotseka, sindikanatha kusintha pasiwedi ndekha, ndiye ndinaitana munthu wawo uja. Anasinthadi, koma potuluka anapatukira kwa alamu kukamwa thobwa. Mawa lake khonde linadzazanso. Zinachitika kawiri.

Tsiku limene intaneti inandidukira pa mayeso ndisanatumize mayankho, ndinakwera minibasi ya ku Mponela n'kukagula rauta yangayanga. Wogulitsa anandiuza kuti siingagwire popanda dzina ndi nambala zolumikizira zimene kampani imasunga. Munthu wa kampani uja anakana kundipatsa. Anati rauta za m'sitolo zimaotcha kambale, anati ndi zoletsedwa, kenako anafunsa ngati bambo a pakhomo akudziwa zimene ndikuchitazi. Ndinamuuza kuti dzina lili papepala la mgwirizano ndi langa, osati la bambo, n'kudula foni. Ndinaimba ku likulu lawo masiku atatu, akungondiponya uku ndi uku, mpaka mayi wina wa mawu otopa anandiwerengera zonse. Anati palibe lamulo loletsa, kungoti rautayo ikadzavuta ndisadzawalirire.

Ndinalumikiza ndekha Loweruka m'mawa, kabuku ka malangizo kali pamwendo. Ndinalakwitsa kangapo, thukuta lili kamukamu. Kanyali kachitatu katayaka, ndinaika pasiwedi yanga, ndipo rauta ya kampani ndinaiponya m'katoni pansi pa bedi.

Alamu anafika dzuwa litapendeka. Anazungulira nyumba foni ili m'mwamba, kenako analowa osaodira.

"Alamu, mwaitani netiweki?"

"Ndasintha rauta. Iyi ndi ya sukulu."

"Tipatseni nambala."

"Sindikupatsani."

Kenako anati bulugama amene ndakhomapo kambaleyo anadzala ndi bambo awo, dothi limene ndapondalo ndi la makolo awo, ndipo mtengwa satsekera eni mudzi chitseko. Ndinawayankha kuti mtengowo akafuna adule, koma mayeso anga sadzadukanso chifukwa cha mpira.

Madzulo ake amuna anga anaimba. Akulu awo anali atawaimbira kale. Anandipempha kuti ndingowapatsa, nkhani ithe. Ndinawafunsa ngati adzandilembere ndi iwo mayeso obwereza. Mwezi umenewo sanabwere.

Alamu anatseka ndi minga kanjira kodutsa m'munda mwawo kopita ku mjigo, moti ndinkazungulira kumsewu ndowa ili pamutu. Akazi awo analeka kundiyankha moni. Kutchalitchi amayi ena ankasendera kutali ndikakhala pa benchi. Mudzi wonse unamva kuti aphunzitsi amana abale mphepo, chinthu chosaoneka n'komwe, ndipo palibe anafunsa chimene mphepoyo ndinkachita nayo. M'mawa wina ndinapeza waya atadulidwa ndi chikwanje patsinde pa bulugama. Sindinapite kukafunsa aliyense. Ndinagula wina, ndinamulowetsa m'paipi n'kumukwirira ndekha ndi khasu, alamu akuonerera ali pa chigafa chawo, akusoka fodya. Ndinkakumba mwadala pang'onopang'ono kuti aone bwino.

Dipuloma ndinaimaliza. Nditapempha kusamutsidwa, anandipatsa sukulu ina ku Ntchisi yokhala ndi nyumba ya aphunzitsi, ndipo amuna anga tsopano amafikira kumeneko. Tsiku losamuka palibe wa pamudzi paja anagwirako katundu. Alamu ndinakumana nawo chaka chatha pa maliro a apongozi anga. Tinapatsana chanza chifukwa anthu ankationa, osayankhulana, aliyense n'kukakhala mbali yake.